Ndinabuma Maliro ku Polojekiti

Anthu akandiona masiku ano ndili pakhonde kuno ku Bangwe, duku kumutu, ndikusankha nyemba, amangoti ndi mayi wamba amene anakatopa kunja n'kubwerera. Alekeni. Sadziwa kuti nkhope yomweyi inaonekapo pachinsalu chachikulu ku Amereka, mu filimu ya mfuti, anthu odzaza holo n'kusowa chonena. Sindinawombere munthu ayi, musachite kundiyang'ana choncho. Ntchito yanga mu filimuyo inali kulira, ndipo wondiposa sindinamuonebe.

Ndinasiya ana awiri, Limbani ndi mlongo wake wamng'ono Tamanda. Bambo awo anali atapita kale ndi mkazi wina ku Zomba, za iwo tisataye nthawi. Limbani anali mnyamata wa mavidiyo. Akangoweruka kusukulu, ulendo wa kumsika, kukadzipanikiza m'kachisakasa kuonera mafilimu a anyamata akuda a ku Amereka, aja okhala m'nyumba zanjerwa zofiira zosanjikizana, zipewa kuyang'ana kumbuyo, mathalauza ali m'matako, kuwomberana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinamukwapulapo kangapo, koma ankangopukuta misozi n'kubwererako mawa lake. Tsiku londiperekeza ku Chileka anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, kumeneko mukakaona nyumba zofiira zija musakaime, mukangodutsa." Ndinamuuza kuti asiye zibwana, andisamalire mlongo wake.

Ndinafikira ku South Bend kwa Mayi Nambewe, mnzanga wa kumvano kuyambira tili atsikana. Tinkakhala amayi anayi m'nyumba ya zipinda ziwiri, koma kukumana tonse pamodzi kunali kwa apo ndi apo, chifukwa wina akamalowa wina akutuluka, moti bedi silinkazizira. Tonse tinkagwira m'nyumba zosungiramo okalamba: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza, kusintha matewera. Ukamaliza shifiti yako, abwana n'kukufunsa ngati ungapange dabulo, kutanthauza kupitiriza shifiti ina pomwepo, pakamwa pankavomera miyendo isanafunsidwe. Kuzizira kwa kumeneko si kwa ku Dedza kumene mumadandaula nako kuja. Chaka choyamba ndinagwa pa sinowo katatu, kachitatuko ndili ndi thumba la ufa m'manja, ndipo Nambewe anayamba watola ufawo asanandidzutse ine.

Patapita chaka ndi theka anatidulira maola. Wina anandinong'oneza kuti ku Indianapolis kuli ejensi yotumiza anthu kukasamalira odwala m'nyumba zawo, ndipo safunsa zambiri. Ndinakwera basi n'kukaapulaya. Mzungu wa mu ofesi anayang'ana pakompyuta, anandiyang'ana ine, kenako anati, "Malo amene atsala ndi a ku polojekiti. Ambiri amakana. Inu mungavomere?"

Ndinatsala pang'ono kululutira mu ofesi ya eni. Inu mukudziwa polojekiti kwathu kuno ndi chiyani. Ndi galimoto yoyera ya mlongoti wautali, ndi masemina a kuhotela, ndi malaya olembedwa kumsana. Munthu akalowa polojekiti, ngakhale apongozi amayamba kumupatsa moni ndi manja awiri. Ndinati mumtima, anthu a kuno ndi opepera, polojekiti n'kuikana? Ndinasaina osawerenga n'komwe. Masana omwewo ndinagula khadi loimbira foni n'kuimbira alongo anga, amalume awo a anawa, amene ankakhala nawo. "Uzani onse kuti Mulungu wayankha, ndalowa polojekiti." Kusanache, Bangwe yense anali atamva.

Limbani yekha ndiye anatenga foni akuseka. "Amayi, polojekiti yake iti?"

"Iwe, polojekiti ndi polojekiti."

"Chabwino, mukandiuze Lolemba."

Lolemba ndinakwera basi pamsewu wa Lafayette, pamene ndinapeza kachipinda, n'kukasintha ina m'tauni. Nditatsika pamene anandilembera, ndinaima n'kuyang'ana. Nyumba zanjerwa zofiira, zosanjikizana, zofanana zonse. Pamasitepe pali anyamata, zipewa kuyang'ana kumbuyo. Ndiye kuti kumeneko polojekiti ndi nyumba zimene boma limamangira osauka, zomwe zija za m'mafilimu a mwana wanga. Ndinafuna kubwerera, koma basi inali itapita. Mmodzi wa anyamatawo, wamtali, ndolo kukhutu, anadzuka n'kumabwera kwa ine. Ndinayamba Atate Wathu chamumtima. Iye anangoti, "Ndinu nesi wa agogo anga? Bweretsani chikwamacho, masitepe ndi ambiri."

Dzina lake anali Marcus, koma lilime langa linakana, ndiye ndinkamuitana Makasu mpaka anazolowera. Iye ankandiitana Misi Malawi, ine mayi wa zaka makumi anayi ndi msana wopindika, ndipo sindinamuletse. Agogo akewo anali Mayi Loretta, odwala shuga, mwendo umodzi wodulidwa, amene anagwira ntchito yochapa m'chipatala moyo wawo wonse. Pakamwa anali napo. Sabata yoyamba tinakangana za mchere, yachiwiri za mmene ndimapindira matawulo, yachitatu anandifunsa ngati ndili ndi ana, ndipo kuyambira pamenepo tinali pachibale.

Sindikunamizani kuti kunali kumwamba. Mfuti zinkalira nthawi zina, ndipo ndinaphunzira kusiyanitsa mfuti ndi tayala lophulika. Koma m'mawa ndinkakumana ndi ana opita kusukulu zikwama kumsana, ndi amayi othamangira basi yomwe ndatsikayo, mayunifomu ngati yanga. Zimenezo m'mafilimu munalibe. Ndikamuimbira Limbani ndinkamuuza zonse, iye n'kumafa ndi phwete. Koma enawo sindinawauze. Ndinkati ndiwauza mawa, mawalo n'kukhala mwezi. Alongo anga anali atayamba kale kutchedwa achimwene a mayi a ku polojekiti, ndipo ine zinkandikoma. Kulakwa kwanga kunali kumeneko, kunyada basi.

Foni inalira Lachitatu m'mawa ndikusambitsa Mayi Loretta. Ndinaisiya. Inaliranso. Ndinapukuta dzanja limodzi n'kuyankha, linalo lili m'khwapa mwawo kuti asaterereke. Anali alongo anga. Limbani wagundidwa ndi lole ali panjinga pamsewu wa ku Limbe, wathera pomwepo. Ndinati chabwino, ndamva. Ndinamaliza kuwasambitsa, kuwapukuta, kuwadzoza mafuta, kuwaveka. Munthu wa mwendo umodzi sungamusiye m'bafa.

Kupita sindikanatha. Mapepala anga anali atatha kalekale. Kutuluka kunali kosavuta, koma chitseko chikanatsekeka kumbuyo kwanga, Tamanda ali Fomu 3, amayi anga ali pamankhwala mwezi ndi mwezi. Ndinasankha kukhala, ndipo ngakhale lero mutandifunsa sindidziwa ngati ndinasankha bwino.

Kulira nakonso kunakanika. Nditafika kuchipinda kwanga n'kungotsegula pakamwa, wa chipinda chinacho anamenya khoma. Ndinakumbukira mayi wina wa kwathu amene anabuma maliro a bambo ake m'nyumba yotere, aneba n'kuitana apolisi poganiza kuti akuphedwa. Iye anali ndi mapepala, ine ndinalibe. Ndinaluma pilo. Loweruka Amalawi anzathu anabwera kudzapepesa, anaimba nyimbo ziwiri motsitsa mawu, anapemphera, kenako mmodzimmodzi anayamba kuyang'ana wotchi, poti shifiti siidziwa maliro. Sindiwaimba mlandu. Koma maliro a mwana wanga anandikhala pachifuwa ngati mbatata yomeza osatafuna, osatsika, osatuluka.

Ataika maliro ku Chiradzulu kwathu, ndinaimba foni n'kupempha Tamanda. Mawu ake anali ouma gwa.

"Ku polojekiti kwanuko sapereka tchuthi cha maliro?"

Ndinamuuza zoona zonse, za matewera, za nyumba zofiira, za mapepala. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Zimenezo mwaziganiza liti? Achimwene ali moyo munali ku polojekiti, lero amwalira mwasanduka wosauka. Anthu akunena kuti simunagwetse ndi msozi womwe. Ndalama zanu zabokosi tinalandira, zikomo."

Anadula. Kuyambira tsiku limenelo ndikaimba ankati watuluka, ine ndikumumva akutsuka mbale chapafupi. Yekhayo amene akanandichitira umboni anali m'manda. Ndinali nditataya mwana mmodzi pamsewu wa ku Limbe, ndipo winayu ndinkamutaya pang'onopang'ono pafoni. Zinandipweteka kuposa chilichonse, ndipo zinakhala choncho zaka ziwiri.

Tsono Makasu uja masana ankagwira ntchito yosenza makatoni kunyumba yosungiramo katundu, koma mtima wake unali pa kamera. Anasonkhanitsa anzake kuti apange filimu yawoyawo, ya pamalo pawo pomwepo. Nkhani yake inali yomwe ija: mnyamata aphedwa, anzake alumbira, abwezera, enanso abwezera. Loweruka lina anati akujambula maliro m'kaholo ka pansi, ndipo akufuna anthu odzaza mipando. Mayi Loretta anati sangaphonye, ndiye ndinawaveka chipewa chawo chakutchalitchi n'kuwatsitsa pa njinga yawo ya olumala.

Ndinapeza bokosi lobwereka kwa ogulitsa mabokosi, maluwa apulasitiki, anthu ali pamipando mwadongosolo ngati akudikira dokotala. Mayi wa malemuyo anali mtsikana wovala wigi yaimvi, akugunda m'maso ndi kapepala kuopa kufufuta penti. Anati fwe kamodzi, fwe kawiri, basi mnyamata wina n'kudzuka, kuvundukula malaya kuonetsa mfuti yapulasitiki, kulumbira kuti magazi abwezedwa. Maliro onse osakwana mphindi imodzi.

Ndinatsonya. Sindinadziwe kuti chojambulira mawu chili pamwamba pa mutu wanga.

"Misi Malawi, mwationongera," anatero Makasu.

"Ndaononga chiyani pamenepa? Amenewa ndi maliro a munthu kapena a nkhuku? Makasu, m'mafilimu anuwa mumapha ana a eni khumi, makumi awiri, koma sindinaonepo mayi akugwa pansi. Anabadwa kumtengo anyamata amenewa? Ukufulumira kukatenga mfuti, mayi ake asanamalize n'komwe kuitana dzina."

Mayi Loretta anati, "Muuzeni." Makasu anakwinya nkhope n'kunena kuti, "Ngati mukudziwa, bwerani mutisonyeze." Ankayesa kuti ndichita manyazi.

"Ndipatse sabata imodzi," ndinatero. "Koma apolisi akabwera?"

Anatulutsa pepala m'thumba, lachidindo, lochokera kwa oyang'anira nyumbazo ndi kupolisi komwe, lowaloleza kuchita phokoso la filimu Loweruka lililonse mpaka dzuwa kupendeka. Ndinaliwerenga kawiri. Zaka zonse zimene ndinakhala ku Amereka, pepala limene linandigwirira ntchito ndi lomwelo. Za mayi wolankhula chilankhulo chachilendo anati n'zosavuta, asintha mzere umodzi, malemuyo akhala mwana wa mayi wochokera ku Afirika.

Ndinamuimbira Nambewe ku South Bend. Sindinachite kufotokoza zambiri. Anangoti, "Ndiye kuti maliro aja akwana nthawi yake." Mmene anasinthanirana mashifiti sindidziwa, wina anachita kunama kuti dzino lamuvuta. Loweruka m'mawa magalimoto awiri anaima pamaso pa nyumba zofiira, atadraiva maola atatu, ndipo munatuluka amayi asanu ndi atatu, zitenje, maduku, majuzi pamwamba. Anyamata a pamasitepe anavula zipewa osauzidwa ndi munthu.

Nambewe analanda holo ija ngati yake. Mipando yonse anaikankhira kukhoma, anayala zitenje pansi kuzungulira bokosi. Maluwa apulasitiki anawatulutsa. Makasu atayamba kufotokoza pamene aliyense aime, Nambewe anamuuza m'Chingerezi chake chodukaduka kuti, "Mwana wanga, iwe gwira makina akowo, izi ndi zathu." Ananditengera panja, kutali, pafupi ndi poimikira basi, poti wobwera pamaliro sayambira pakhomo. Anandimanga chitenje m'mimba mothinitsa, iye n'kundigwira mkono uwu, mayi wina mkono uwo. M'holo amayi anayamba nyimbo ija timaimba potulutsa maliro m'nyumba, mawu onse, osatsitsa.

Ndinkaopa kuti pakhosi pauma. Ndinayenda mapazi atatu, ndipo chinthu chija chinakhala pachifuwa zaka ziwiri chinadzuka chokha.

Dzina la mnyamata wa mu filimu anandiuza, koma linathawa. Ndinaitana wanga. "Limbani mwana wanga ine! Kampunga wanga ine!" Limenelo ndi dzina limene tinkamutcha ali wakhanda, poti ankakana phala n'kumalirira mpunga, ndipo kunja kwa nyumba yathu palibe ankalidziwa. "Ndinakusiya ukuyenda, ndikakupeza kuti ine? Anakusambitsa ndani, amako ali moyo? Ndimasambitsa amayi a eni, wanga wasambitsidwa ndi alendo ine. Ndinalibe mapepala, Limbani, iwe ukudziwa, ndinalibe mapepala. Wapita ndi umboni wanga. Tamanda mwana wanga, ndakusenzetsa bokosi uli mwana, ndikhululukire ine, ndinanama ine, ndinanyada ine."

Mazenera anatseguka nyumba zonse. Anthu anatsika masitepe, ena atanyamula makanda, ena thovu lometera lili kumaso. Palibe anamenya khoma, palibe anaitana apolisi. Ndinalowa m'holo chokwawa, ndinagwira bokosi lopanda kanthu lija n'kulikumbatira. Amayi a kwathu anandilandira ndi kulira kwawo, aliyense akuitana wake, poti panalibe ndi mmodzi yemwe amene analibe maliro osakhuza. Kenako ndinamva liwu lachilendo, lokhuthala, likuitana m'Chingerezi. Anali Mayi Loretta pa njinga yawo, chipewa chitagwa, akuitana mwana wawo, bambo ake a Makasu, amene anawomberedwa pamasitepe omwe aja Makasu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anandiuza pambuyo pake kuti pamaliro enieniwo anakhala tsonga osagwetsa msozi, kuti anthu asaone kuti agonja.

Nthawi ya mnyamata wamfuti uja inakwana. Anadzuka, anagwira malaya, anatsegula pakamwa. Mawu osatuluka. Anaima choncho, kenako anangokhala pansi pakati pa amayi n'kubisa nkhope m'mawondo. Mayi wina wa ku Ntcheu anamukokera pachifuwa pake osamudziwa ndi dzina lomwe. Makasu sanaimitse kamera. Anapitiriza kujambula, misozi ikumutsikira m'ndevu, mpaka tepi inatha.

Nditatonthola ndinamva njala imene ndinali ndisanaimvepo chimwalirireni mwana wanga. Amayi anali atabweretsa mpunga ndi nkhuku m'mapoto okutira ndi matawulo, ndipo tinadyetsa aliyense amene anatsika, pabwalo pomwepo. Ine ndinadya mbale ziwiri. Anyamata aja ankabwera mmodzimmodzi kudzandigwira dzanja, ndipo Nambewe anawaphunzitsa kugwira chigongono ndi dzanja linalo n'kunena kuti pepani. Ankati "papani," koma tinalandira.

Makasu anakhala miyezi akudula ndi kulumikiza filimu yake pakompyuta. Anzake ankamuuza kuti maliro atalika, afupikitse, anthu amafuna mfuti. Anakana, ndipo mathero onse anawasintha, poti wobwezera uja anali atakhala pansi ndipo panalibe njira yomudzutsira. Tsiku lina anabwera ndi kope kuti ndimumasulire zimene ndinkanena, azilembe pansi pa chithunzi m'Chingerezi. Ndinamuuza kuti mawu amenewo ali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo safuna womasulira. Sanaumirire.

Anaionetsa Lamulungu masana, m'sitolo yakale ya ku Lafayette Square imene anaisandutsa holo. Munadzaza mpaka ena kuima kumbuyo. Ndinavala chitenje changa chatsopano n'kukhala kutsogolo ndi Mayi Loretta. Koyambirira achinyamata ankakuwa ndi kuimba malikhweru mfuti ikalira, ndendende anzake a Limbani m'kachisakasa ka kumsika. Kenako panaoneka mayi wakuda wamfupi akuchokera poimikira basi, atagwiridwa uku ndi uku. Phokoso linazima ngati wathira madzi pamoto. Anthu mazana, osamva liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa, koma panalibe wotafuna kapena wokhosomola. Itatha anaimirira onse. Amayi anandandalika mzere kudzandikumbatira, aliyense akundinong'oneza dzina la mwana wake. Ndinanyada tsiku limenelo, ndipo kunyada kwake kunali koyenera. Ine wosintha matewera ndinaphunzitsa Amereka kulira.

Koma amene ndinkamufuna sanali m'holo imeneyo. Makasu anandipatsa chimbale chimodzi cha filimuyo. Ndinachisunga m'Baibulo milungu itatu ndikulimbana ndi mtima, poti mwina akanati amayi asandutsa maliro a achimwene sewero. Kenako ndinamva kuti mtsikana wina wophunzira ku South Bend akupita kumudzi kutchuthi. Ndinachiika mu envulopu, osalemba kalata, pamwamba n'kungolemba kuti Tamanda. Mtsikanayo atabwerera anandiuza kuti anapereka m'manja mwake. Ndinadikira foni. Mwezi unatha, chaka chinatha, china n'kuthanso. Ndikaimba ankati watuluka.

Mayi Loretta anamwalira m'manja mwanga, m'mawa wina wa nyengo yozizira ya kumeneko, ndipo pamaliro awo Makasu anandikhazika kutsogolo pamodzi ndi abale. Ejensi inafuna kunditumiza kwa munthu wina ku Beech Grove. Ndinakana. Tamanda anali atamaliza kozi ya uphunzitsi, amayi anga anali atatsogola, msana wanga unali utatha. Ndinagula tikiti yopita yokha. Makasu ananditengera zikwama mpaka pabwalo la ndege, ndipo potsanzikana anagwira chigongono.

Ku Chileka anandilandira alongo anga okha, imvi mbuu, akuyenda ndi ndodo. M'galimoto anandiuza kuti Tamanda anakwatiwa, ali ndi mwana wamkazi amene wayamba kale kuyenda, akuphunzitsa kufupi ndi kumudzi. Ndinafunsa ngati akudziwa kuti ndabwera. Anati akudziwa. Sindinafunsenso china, ndipo iwo anayamba kukamba za kukwera mtengo kwa feteleza.

M'mawa mwake tinapita ku Chiradzulu. Tinatsika pamsewu n'kuyamba kuyenda kanjira kolowera kumudzi. Mwambo mukuudziwa: amene sanakhalepo pamaliro amayambira patali kubuma, a pamudzi n'kumulandira. Ndinaona amayi atasonkhana pansi pa mtengo wa mango, akundiyang'ana, akudikira. Ndinatsegula pakamwa. Panalibe kanthu. Ndinayesanso, ndinaganiza za nkhope ya Limbani, za dzanja lake pa Chileka. M'maso mouma, pakhosi pouma. Ndinali nditakhuthula zonse pabwalo la nyumba zofiira. Mantha anandigwira, ndinati basi, lero atsimikiza kuti mayi uyu mtima wake ndi mwala.

Pagulupo panadzuka mayi wamtali, wonenepa pang'ono, mwana kumbuyo. Ndinachita kumuzindikira ndi kayendedwe. Anamasula mwanayo n'kupatsira wina, anabwera yekha mpaka pamene ndinaima.

"Musadzivute, amayi," anatero. "Tinakumvani."

Anapitiriza ndisanafunse.

"Chimbale chija ndinaonera ndekha kasanu. Kenako ndinabwereka jenereta n'kuitana mudzi wonse, ndi aja ankanena kuti simunagwetse msozi. Pamene munati Kampunga, agogo anagwa pampando."

"Nanga osandiimbira bwanji, mwana wanga? Zaka ziwiri?"

"Za pafoni ndinatopa nazo. Ndimafuna mubwere." Anayang'ana kumbali, kumene kuli mitengo ya kumanda. "Tsiku lija anandikhazika pamalo panu, kumutu kwa bokosi. Aliyense wobwera ankagwira dzanja langa. Ndinkatonthoza agogo, ndinkayankha azibusa, ndinkaona ngati adzukulu adya. Ankandiuza kuti limba mtima, iwe ndiye mayi pano. Ndinali Fomu 3, amayi. Achimwene anga sindinawalire mpaka lero. Inu munalira kale. Khalani pamalo panupo, mundigwire."

Ndinamasula chitenje changa chapamwamba n'kumumanga m'mimba, mothinitsa, mmene amamangira. Ndinakhala pansi pakanjira pomwepo, pafumbi, n'kutambasula miyendo. Mphunzitsi uja, munthu wamkulu, mayi wa mwana, anagwada, anaika mutu pamiyendo panga n'kuitana achimwene ake. Amayi a pansi pa mango anadzuka n'kumabwera akumulandira.

Analira nthawi yaitali, ndipo sindinamuuze kuti atonthole. Ndinamugwira mpaka anamaliza.